Woyamba pabanja kulowa yunivesite ku Joni: makomo oti mugogode zinthu zisanathine

Asayimenti yanga yoyamba pa yunivesite inabwerera ndi malikisi 38, ndipo pansi pa tsamba lomaliza panali timawu ta cholembera chofiira, aphunzitsi akuti ndikawaone ku ofesi. Sindinapiteko. Kwathu ku Ntcheu, uli kusekondale, ukaitanidwa ku ofesi umadziwiratu kuti kukudikira chibalo, kaya kukumba dzenje kaya kutchetcha bwalo la mpira. Ndiye pepalalo ndinalipinda kanayi n'kulikankhira pansi pa chikwama, ndipo kwa milungu itatu ndinkakhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi mwawo, mutu uli pansi. Bambo anga nthawi imeneyo ankasamalira maluwa kunyumba ina ku Randburg. Madzulo akafunsa kuti, "Sukulu ikuyenda bwanji, mwanawe?" ndinkati, "Ili bwino, bambo." Ndikanati chiyani? Iwo sukulu anasiyira Sitandade 6. Akanandipatsa chilichonse chimene anali nacho, koma njira ya ku ofesi ya aphunzitsi sakanandilozera chifukwa sanaiyendepo.

Nditalimba mtima n'kupita, nkhani yake inali ya mphindi khumi. Ndinali nditayankha funso lina, osati limene anafunsa, ndipo ankangofuna kundionetsa pamene ndinapatukira. Panthawiyo n'kuti nditapereka kale asayimenti yachiwiri yolakwika mofananamo.

Ndikulembera inu abale anga amene mwalowa Wits, UJ kapena sukulu ina muno mu Johannesburg, muli oyamba pamtundu wanu kuponda pa yunivesite. Thandizo la maphunziro lilipo lambiri, ndipo lochuluka munalilipira kale mu fizi imene makolo anu anatuluka nayo thukuta. Anzanu amene makolo awo ali ndi madigiri sakuposani nzeru. Iwo anauzidwa kunyumba, akudya nsima, kuti chitseko chakuti chimagogodedwa motere. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sumuvutitsa ndi mafunso, ndipo mwambo wabwinowu pa yunivesite umatipweteka. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Tiyeni tiyende khomo ndi khomo.

Yambani ndi foni yanu, sabata yoyamba yomwe

Musanasake ofesi iliyonse, lowetsani imelo ya sukulu mu foni ndipo muziitsegula m'mawa uliwonse. Yunivesite silankhula nanu pa WhatsApp. Kalasi likasamutsidwa, tsiku la mayeso likasintha, kapena wina akaona kuti malikisi anu akutsika n'kukuitanani, zonse zimabwera pa imelo imeneyo. Kenako zolowerani tsamba la pa intaneti limene aphunzitsi amaikapo zophunzira. Ku Wits limatchedwa Ulwazi, ku UJ mumalowera pa uLink.

Pamenepo fufuzani kabuku kofotokoza phunziro lililonse, kamene ena amati course outline, ena study guide. Ambiri amakatsegula kamodzi n'kukaiwala, chonsecho mayankho a theka la mafunso anu ali mommo: dzina la mphunzitsi, nambala ya ofesi yake, maola amene amalandira ophunzira, masiku a mayeso, ndi mmene malikisi a chaka amawerengedwera. Tengani pepala lalikulu, lembani masiku onse a mayeso ndi ma asayimenti a maphunziro anu onse pamodzi, mulimate pakhoma pafupi ndi bedi. Mudzaona nokha kuti pali milungu ina pamene zinthu zitatu kapena zinayi zaunjikana, ndipo imeneyo ndi imene muyenera kuikonzekera mwezi wathunthu isanafike.

Apa pali chinthu chimene chimagwetsa ambiri ochokera kwathu. Tinazolowera MSCE, pamene chilichonse chimagona pa mayeso omaliza. Kuno sizili choncho. Kuti mukhoze phunziro pamafunika 50 pa 100, koma gawo lalikulu la malikisiwo limachokera ku timayeso ndi ntchito za m'kati mwa semesita. Ku UJ lamulo lodziwika n'lakuti malikisi a semesita akapanda kufika 40 simuloledwa n'komwe kulowa m'chipinda cha mayeso. Ku Wits mudzamva anthu akunena za DP, kutanthauza kuti mwapezeka mokwanira m'makalasi ang'onoang'ono ndipo mwapereka ntchito zofunika. Malamulowa amasiyanako malinga ndi gawo la maphunziro, choncho werengani a phunziro lanu, osati zongomva kwa mnzanu wa kosi ina.

Sabata zolandirira atsopano, monga Gateway to Success ya ku Wits, pitaniko. Ena amati n'zotaya nthawi, koma ndi pamene amakuyendetsani n'kukulozerani zitseko zonse zimene ndikunenazi.

Khomo loyamba ndi tutor

Kalasi la chaka choyamba limatha kukhala ndi anthu mazana angapo, ndipo mphunzitsi ali kutsogolo ndi maikolofoni sangadziwe kuti inu mwasochera. N'chifukwa chake pali ma tutorial, timagulu ta anthu ochepa totsogoleredwa ndi wophunzira wa makalasi apamwamba. Ameneyu ndiye munthu wanu. Zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo anali pampando umene mwakhalapowo, ndipo nthawi zambiri ndi iye amene amachonga ntchito zanu zazing'ono.

Chitani izi. Mafunso a tutorial muwayese usiku wake, ngakhale mukudziwa kuti mulakwitsa. Ikani chizindikiro pa mzere weniweni pamene mwatsamwa. Mukalowa khalani kutsogolo, mumuuze dzina lanu sabata yoyamba, ndipo funsani funso limodzi pa tutorial iliyonse. Limodzi lokha. Ngati pakamwa pakulemera pagulu, tsalirani anthu akamatuluka.

Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa ambirife. Ukangoyamba kulankhula, anthu adziwa kuti si wa kuno. Wina akumwetulira chifukwa l ndi r zasinthana malo, pagulu anzako asinthira ku Chizulu kapena Chisutu iwe n'kutsala ukungoyang'ana. Zimawawa, sindikukana. Koma taonani bwino m'kalasimo: ambiri mwa anzanuwo Chingerezi si chinenero chawo cha kubere, ndipo ambiri nawonso ndi oyamba kwawo, ochokera ku Limpopo kapena ku Eastern Cape, akunjenjemera chimodzimodzi. Pagulu akasintha chinenero, apempheni mwaulemu kuti abwerere ku Chingerezi. Ambiri sachitira dala.

Kupita kwa aphunzitsi eni ake

Mphunzitsi aliyense amakhala ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ophunzira. Si chifundo chake, ndi gawo la ntchito yake, ndipo nthawi zambiri amangokhala yekha mpaka sabata ya mayeso pamene pakhomo pamakhala mzere ngati wa pachigayo. Pitani mu Malichi kapena mu Ogasiti, semesita ili yanthete.

Ngati maolawo akugundana ndi kalasi lina, lembani imelo kuchokera pa adiresi ya sukulu. Ikhale yaifupi. Pamutu pake ikani nambala ya phunziro. Yambani ndi udindo wawo, Dr kapena Prof, ndi dzina la bambo awo. Nenani dzina lanu ndi nambala yanu ya sukulu, funso lanu m'ziganizo ziwiri, ndi masiku awiri amene mungathe kubwera. Moni wautali wa kwathu uja, wofunsa za kunyumba ndi za ana, usiyeni. Kuno amaona ngati mukuzungulira. Pakapita masiku atatu osayankhidwa, tumizaninso, palibe mwano pamenepo.

Chachikulu ndi chimene mwanyamula polowa. Mukati, "Sindikumvetsa chilichonse," mphunzitsi alibe pogwira, ndipo akuuzani kuti mukawerengenso. Koma mukatsegula kope n'kunena kuti, "Funso lachitatu ili ndafika apa, ndipo sindikuona chifukwa chimene chizindikirochi chasinthira," mupeza munthu wina, wokoka mpando n'kutenga cholembera. Mayeso akabwerera, pitani nalo pepalalo, osati kukalirira malikisi, koma kukafunsa kuti yankho lopeza malikisi onse likanaoneka bwanji. Lembani zimene akunena pomwepo. Ndipo kwezani maso pang'ono. Kwathu kuyang'ana pansi ndi ulemu, koma ena kuno amayesa kuti simukumvetsera.

Malo othandiza kulemba

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene panandisinthira zinthu. Ku Wits kuli Writing Centre mu laibulale ya Wartenweiler, ndipo ku UJ malo otere ali pansi pa Academic Development Centre. UJ ili ndi makampasi anayi, awiri ku Auckland Park, ina ku Doornfontein ndi ina ku Soweto, choncho funsani za pa kampasi yanu. Mumasungitsa nthawi pasadakhale, n'kukhala pansi ndi munthu mmodzi amene awerenge nanu zimene mwalemba.

Dziwiranitu chimene sachita, kuti musakhumudwe. Sakulemberani, ndipo sakhala pansi kuchonga galamala mzere ndi mzere. Ine tsiku loyamba ndinapita ndikuganiza kuti ndikasiya pepala ngati malaya kwa telala, ndidzatenge atakonza. Mtsikana amene ndinamupeza anaika pepala langa chafufumimba patebulo n'kundiuza kuti ndimufotokozere pakamwa chimene ndikufuna kunena. Ndinalankhula mphindi ziwiri. Anati, "Zimene mwanenazi n'zomveka bwino. Nanga zili pati m'pepalamu?" Tinatembenuza pepala, tinasakasaka, ndipo mfundo yanga yeniyeni tinaipeza patsamba lachinayi, itabisala pakati pa ndime. Masamba atatu oyamba ndinkangokonza kukhosi, monga achitira ankhoswe pamlandu asanafike pa nkhani. Kalembedwe ka pa yunivesite kamafuna kuti mfundo yanu ikhale m'ndime yoyamba, zotsatirazo zikhale umboni. Palibe anandiuzapo zimenezi m'zaka zonse za sukulu.

Popita nyamulani zinthu zitatu: funso la asayimenti mmene analilembera aphunzitsi, pepala losonyeza mmene adzachongere, ndi zimene mwalemba kale ngakhale zili zosalongosoka. Pitani kutatsala sabata kapena kuposa, kuti mukhale ndi nthawi yolembanso. Wopita kutatsala tsiku limodzi amangobwerako ndi mutu waching'alang'ala. Ndipo masiku amene ma asayimenti achuluka malo amadzaza msanga, ndiye sungitsani nthawi tsiku lomwe mwalandira funsolo.

Funsaninso za kutchula eni a mfundo zimene mwagwiritsa ntchito. Tinakula tikuloweza manotsi, ndipo wobweza mawu a m'buku ndendende ndi amene ankatchedwa wanzeru. Pa yunivesite kukopera mawu a munthu osamutchula ndi mlandu waukulu, ndipo ntchito zambiri zimadutsa pa Turnitin, pulogalamu imene imafananitsa zolemba zanu ndi za ena. Munthu akhoza kupezeka pamlandu osadziwa n'komwe kuti analakwa. Timapepala tomatidwa pamitengo ya magetsi tolonjeza kukulemberani asayimenti pamtengo wakutiwakuti, tisiyeni pomwepo. Za ChatGPT ndi zinzake, phunziro lililonse lili ndi lamulo lake. Werengani m'kabuku kaja, ndipo ngati simunalembedwe, funsani pa imelo kuti yankho mukhale nalo lolembedwa.

Laibulale

Si mashelefu okha ayi. Gawo lililonse la maphunziro lili ndi wogwira ntchito wa mu laibulale amene ntchito yake n'kukuphunzitsani kusaka zolemba za akatswiri, zimene sukulu inalipirira kale. Mabuku odula amene simungagule amakhala pa shelefu yobwereketsa maola ochepa, ndipo mapepala a mayeso a zaka zapitazo amapezeka pa tsamba la laibulale. Ngati mumagona kutali, ku Diepsloot kapena ku Rosettenville, m'chipinda chimodzi ndi abale, musathamangire teksi kalasi likangotha. Werengerani pasukulu pomwepo, pali Wi-Fi ndi makompyuta, tsitsani zonse zofunika mu foni, kenako nyamukani kusanade.

Vuto likakhala kuti si la m'mabuku

Nthawi zambiri malikisi akamatsika, gwero lake si ubongo. Ndi njala, ndalama ya teksi, lendi, kapena foni ya usiku yochokera kumudzi. Ku Wits kuli CCDU, ku UJ kuli PsyCaD, malo a aphungu ophunzitsidwa bwino, ndipo zimene mwakambirana sizipita kwa aphunzitsi kapena kwa makolo. Kwathu ena amati uphungu ndi wa anthu odwala misala kapena wa azungu. Ine ndinapitako chifukwa ndinkalephera kugona sabata ya mayeso, ndipo ndinatulukako ndi ndondomeko ya kawerengedwe yolembedwa papepala. Amathandizanso kugawa nthawi ndi kusankha ntchito ya m'tsogolo. Za chakudya funsani komweko kapena ku ofesi yoona za ophunzira, akulozerani. Amene muli ndi vuto la maso, makutu, kapena lina lililonse lofuna nthawi yowonjezera pamayeso, kalembetseni ku ofesi yoona za olumala kumayambiriro kwa chaka, chifukwa mapepala ake satha tsiku limodzi.

Nkhani ya maliro ndiyitsindike. Uthenga ukabwera, mtima umangoti Park Station, basi yodutsa Beitbridge, Zimbabwe, Tete mpaka ku Mwanza, masiku awiri kupita, awiri kubwera, kuphatikiza a pasiwa. Sabata yapita. Ngati m'sabata imeneyo muli mayeso ndipo simunanene, mupatsidwa ziro ngati wothawa. Musanakwere basi, kapena muli m'basi momwemo, lembani imelo kwa aphunzitsi ndi ku ofesi ya gawo lanu. Pobwera tengani kalata yotsimikiza imfa, sungani tikiti ya basi, ndipo zidindo za m'pasipoti ndi umboni wina. Pali fomu yopemphera mayeso apadera, ndipo imayenera kuperekedwa m'masiku ochepa kwambiri chichitikireni mayeso. Mukadwala n'chimodzimodzi: kalata ya dokotala ya tsiku lomwelo, osati yokatenga mutachira.

Kwa amene muli ndi pasipoti ya Malawi ndi chilolezo chophunzirira, NSFAS, thandizo la boma la South Africa lolipirira ophunzira fizi, si yanu. Musataye miyezi mukudikira. Ofesi yanu ndi yoona za ophunzira ochokera kunja, imene imayang'ana chilolezo chanu chophunzirira ndi medical aid, inshuwalansi ya kuchipatala, imene imafunika polembetsa chaka chilichonse. Tsiku lothera chilolezocho lilembeni pa pepala la pakhoma lija, ndipo muyambe kukonzanso miyezi ingapo lisanafike. Munthu amene mapepala ake ali pachiswe sangawerenge ndi mtima umodzi.

Mukaona kuti phunziro likukugwetsani

Musadikire zotsatira za Novembala. Mayeso oyamba akangobwera oipa, pitani kwa mlangizi wa ophunzira wa gawo lanu, ofesi ya gawolo, imene amati faculty, idzakulozerani. Mufunseni mafunso atatu: ndikufunika malikisi angati pa zotsalazi kuti ndikhoze, kodi ndikalisiya phunziroli tsiku lomaliza kutero ndi liti ndipo fizi yake ikhala bwanji, ndipo ndikalephera litsekereza maphunziro ati a chaka chamawa. Funso lachitatuli ndi limene ambiri salidziwa. Pali maphunziro ena amene ali ngati mlatho, ukagwa pamenepo chaka chonse chotsatira chaima, ndiye nthawi ikachepa mphamvu zanu zipite pa amenewo. Funsaninso za mayeso obwereza a amene aperewera pang'ono, ndipo musagule tikiti ya Khirisimasi yopita kumudzi musanadziwe masiku ake.

Munthu akalephera maphunziro ambiri, yunivesite imatha kumuletsa kulembetsanso. Ku UJ ophunzira amangoti F7, ndipo dzinali lokha limaumitsa malovu. Koma pali mwayi wochita apilo, ndipo a SRC, bungwe loimira ophunzira, amathandiza kalembedwe kake. Apa ndi pamene muone phindu la kanthu kakang'ono aka: kuyambira lero, sungani umboni wa khomo lililonse limene mwagogoda. Imelo yosungitsa nthawi ku Writing Centre, yankho la aphunzitsi, kalata ya dokotala, kapepala ka kwa mphungu, zonse mu envelopu imodzi kapena mu foda imodzi pa foni. Komiti yomva apilo imafuna kuona kuti munali ndi vuto lenileni, kuti munachitapo kanthu, komanso chimene chasintha tsopano. Wobwera ndi misozi yokha ndi wobwera ndi envelopu samvedwa mofanana.

Gulu la pa WhatsApp la Amalawi anzanu lisungeni, ndi limene lidzakuuzeni kogula ufa ndi usipa ku Mayfair ndi kukutonthozani mukapukwa kwanu. Koma za malamulo a sukulu musamalize nazo kumeneko. Wina anena motsimikiza ndithu zimene zinali zoona zaka zinayi zapitazo pa kosi ina. Mukamva, katsimikizeni ku ofesi, ndipo dzina la amene wakuyankhani mulilembe.

Kunyumba muwauze chiyani

Kukhala woyamba n'kusenza mudzi wonse pamutu. Kutchalitchi anakupemphererani, amalume anagulitsa mbuzi, agogo akuuza aliyense kuti mdzukulu wawo ndi dokotala kale. Ndiye kunena kuti phunziro lina lakukanikani kumakhala ngati kuvula banja pagulu, ndipo ambiri amabisa mpaka kalata yowachotsa itafika. Sankhani munthu mmodzi pabanja, amene mtima wake ndi wofatsa, ndipo muzimuuza zoona semesita iliyonse. Mufotokozereninso kuti masana opanda kalasi si tchuthi, kuti asamakutumeni kukatumiza ndalama ku Mukuru kapena kukalandira katundu ku basi nthawi imene munasungitsa yokaonana ndi tutor.

Ine ndinawauza bambo kumapeto kwa semesita yoyamba, tili pakhonde la kachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya abwana, iwo akutsuka nsapato za jombo. Ndinati phunziro limodzi ndaperewera, ndilemba mayeso obwereza, koma tsopano ndikumapita kwa anthu ena pasukulu amene akundithandiza kulemba. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa funso limene linkawadetsa nkhawa kwenikweni.

"Anthu amenewo ukumawalipira zingati?"

"Ayi bambo, zili kale mu fizi."

Anaika jombo pansi n'kundiyang'ana. "Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikulipirira anthu oti iwe sumapitako?"